Kodi Wosewera Rugby Aloledwe Kusintha Dziko?

Pa 24 November 2021 akuluakulu a bungwe la World Rugby, limene limayang'anira mpira wa rugby pa dziko lonse lapansi, anasintha lamulo limene linakhala zaka zoposa 20. Kufikira tsiku limenelo munthu akangosewerera timu yaikulu ya dziko lina, ngakhale kwa mphindi zisanu zokha, kawirikawiri anali womangika ku dziko limenelo moyo wake wonse. Kuyambira pa 1 January 2022 chingwecho chinamasulidwa pang'ono. Tsopano wosewera angathe kusamukira ku timu ya dziko lina ngati watha miyezi 36 osasewerera dziko loyambalo, ndiponso ngati iye mwini, kapena mmodzi wa makolo ake, kapena mmodzi wa agogo ake anabadwira m'dziko limene afuna kupitako. Aloledwa kutero kamodzi kokha, ndipo komiti ya bungwelo iyenera kuyamba yavomereza.

Ena mwa awerengi adzafunsa kuti nkhani imeneyi ikumkhudza bwanji Mmalawi, pakuti rugby kuno ndi masewera a anthu owerengeka. Mu Lilongwe ambiri amene amawadziwa amawaonera pa kanema m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43 kapena m'makalabu, ndipo mwana wa ku Mchesi kapena ku Kawale amene anaugwirapo mpira wooneka ngati dzirawo ndi wosowa. Komatu funso limene lagona pansi pa lamuloli si la rugby yokha ayi. Ndi funso lakuti kwawo kwa munthu ndi kuti, nanga ali ndi mphamvu yonena zimenezo ndani. Dziko limene ana ake akhala akupita ku migodi ndi ku minda ya kum'mwera kwa zaka zoposa 100 silingaliyese funso lotere la eni.

Zitsanzo zili pafupi. Pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2003, mtsogoleri wa timu ya Australia anali George Gregan, ndipo wa timu ya South Africa anali Corné Krige. Onse awiri anabadwira ku Lusaka, woyamba m'chaka cha 1973, winayo m'chaka cha 1975. Gregan anasewerera Australia masewera 139 ndipo anali m'timu imene inatenga chikhocho mu 1999. Zambia, kumene kunagwera michombo yawo, sinafikepo ku mpikisano umenewu ndi kamodzi komwe. Kunena zoona awiriwa anachoka ku Lusaka akadali ana, ndipo palibe angawaimbe mlandu. Koma nkhani ya Tendai Mtawarira ndi ina. Iye anabadwira ku Harare mu 1985, anaphunzira rugby m'sukulu za ku Zimbabwe, ndipo anawoloka Limpopo ali mnyamata wokhwima kale kukalowa timu ya Sharks ku Durban. Mu 2008 anavala malaya a Springboks. Pamene anapuma, atathandiza kugonjetsa England 32-12 ku Yokohama pa 2 November 2019, anali atasewerera South Africa masewera 117. Zimbabwe inalima, South Africa inakolola.

Mtawarira analowa m'timu ya South Africa osati chifukwa cha magazi, koma chifukwa chokhala m'dzikomo zaka 3, monga lamulo la rugby linkalolera pa nthawiyo. Pano ndi pamene awerengi ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Pali khomo la kukhala, ndipo pali khomo la kubadwa. Achewa amazidziwa bwino ziwirizi. Mkamwini amamanga nyumba m'mudzi mwa mkazi wake, amalima, amapita kumaliro ndi kumilandu, ndipo patapita zaka angathe kulemekezeka kwambiri. Koma mwini mbumba sakhala iye. Mphwake wa mfumu, ngakhale atachona zaka 30, tsiku limene abwera amapeza malo ake akumdikira. Lamulo lakale la rugby linatsegulira mkamwini khomo lalikulu, ndi kumtsekera mwana wobwerera kwawo.

Maiko olemera anaona mwayi umenewu msanga. Ireland ndi Scotland zinkaitana anyamata a luso kuchokera ku South Africa ndi ku New Zealand, kuwapatsa ntchito m'matimu a m'zigawo, ndi kudikira kuti zaka 3 zikwane. CJ Stander ndi Bundee Aki analowa m'timu ya Ireland mwa njira yomweyo, Duhan van der Merwe m'timu ya Scotland chimodzimodzi. Palibe lamulo limene linaswedwa, koma aliyense ankaona kuti chikugwira ntchito apa ndi thumba. M'chaka cha 2017 World Rugby inagamula kuti zaka zokhala zikwere kufika pa 5, ngakhale kuti chigamulocho chinayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2021. Chinali chigamulo chanzeru, chochedwa chabe.

Nanga khomo linalo linatsekedwa chifukwa chiyani? Chaka cha 2000 chisanafike osewera ankasintha maiko mosavuta. Frank Bunce anasewerera Western Samoa pa chikho cha 1991, ndipo chaka chotsatira anali atavala kale malaya akuda a New Zealand. Shane Howarth anayamba ndi New Zealand mu 1994, kenaka anapezeka m'timu ya Wales, ponena kuti agogo ake anabadwira kumeneko. M'chaka cha 2000 kunadziwika kuti iye ndi mnzake Brett Sinkinson analibe umboni woona wa agogo obadwira ku Wales, ndipo manyazi anagwira bungwe lonse. Kuyambira chaka chimenecho lamulo linali lakuti dziko limodzi basi. Awerengi asunge nkhani ya agogo osapezekayi, pakuti ibweranso m'munsimu.

Amene analira kwambiri ndi lamulo la dziko limodzi anali a zilumba za m'nyanja ya Pacific, makamaka Tonga ndi Samoa. Tonga ili ndi anthu pafupifupi 100,000, osafika ndi pa chiwerengero cha anthu a mu mzinda wa Lilongwe, koma ana ake ndi adzukulu ake adzaza matimu a New Zealand, Australia ndi Japan. Mnyamata ankaitanidwa ndi dziko lalikulu, kusewera kangapo, ndi kutayidwa. Kwawo sangasewere, kwa eni sakumfunanso. Charles Piutau anasewerera New Zealand komaliza mu 2015, ali ndi zaka zosakwana 25, ndipo anakhala zaka pafupifupi 7 wopanda dziko lolisewerera, pamene anali mmodzi wa akatswiri oposa pa malo ake. Kunena kuti kumanga munthu wotere ndi kuteteza ulemu wa masewera n'kovuta kukhulupirira. Amene ankatetezedwa anali maiko aakulu, amene ankapeza phindu pawiri: kugwiritsa mnyamatayo ntchito, ndiponso kuonetsetsa kuti sadzakumana naye mbali inayo ya bwalo.

Chotero pa funso lenilenilo yankho ndi lakuti inde, aloledwe, malinga kusinthako kutsata kubadwa osati ndalama, ndipo kuchitike kamodzi. Pa zimenezi lamulo la 2021 linalondola.

Zimene zinaoneka ku France

Koma walira mvula walira matope, ndipo amene anayembekeza kuti lamulo latsopano lidzakweza maiko aang'ono tsiku limodzi anakhumudwa. Mpikisano wa 2023 ku France unali muyeso woyamba. Tonga inapita ndi Piutau, Malakai Fekitoa, Vaea Fifita ndi ena amene anavalapo malaya a New Zealand. Inagonja kwa Ireland, Scotland ndi South Africa, ndipo inapambana masewera amodzi okha, a Romania. Samoa inali ndi Steven Luatua, Lima Sopoaga ndi Christian Leali'ifano, amene anakwanitsa zaka 36 mpikisano uli mkati. Inagonjetsa Chile yokha, ngakhale kuti inaopseza England kwambiri ndi kugonja 18-17. Onse awiri anabwerera kwawo ndime yoyamba itatha.

Chifukwa chake sichifuna mphunzitsi wa masamu. Munthu amene dziko lalikulu lamsiya, nadikiranso zaka 3, kawirikawiri amabwera atapitirira zaka 30, mawondo atayamba kudandaula. Ndi nzimbe imene ena atafuna kale. Mtawarira mwini, akadafuna, akadaloledwa kusewerera Zimbabwe kumapeto kwa 2022, ali ndi zaka 37. Ndiponso timu si mulu wa maina otchuka. Imafuna ndalama zokonzekera, madokotala, ndi masewera ambiri ndi matimu amphamvu, zimene zilumbazo zikadali kusowa.

Chodabwitsa n'chakuti amene anapindula koposa ndi lamuloli ku France sanali dziko losauka. Jean Kleyn, wobadwira ku Johannesburg, analowa m'timu ya Ireland mu 2019 kudzera pa khomo la kukhala, anasewera kasanu, nasiyidwa. Mu 2023 South Africa inamuitana kudzera pa khomo la kubadwa, ndipo anali m'timu imene inagonjetsa New Zealand 12-11 ku Paris. Lamulo lopangidwira amphawi linayamba ladyetsa mwini nkhokwe. Palibe cholakwa chimene Kleyn anachita, pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma chitsanzo chake chionetsa kuti khomo likatseguka amalowa ndi aliyense.

Zimbabwe yokha ndiyo yapereka chilimbikitso m'chigawo chino. Mu July 2025 timu yawo, Sables, inagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala ndi kupeza malo pa chikho cha 2027 ku Australia, koyamba chichokere 1991. Mmodzi wa amene anaitsogolera pa bwalo anali Ian Prior, wobadwira ku Australia kwa makolo ochokera ku Zimbabwe. Koma aliyense amene amatsata rugby ya kumeneko adziwa kuti maziko ake ndi sukulu monga Prince Edward, Churchill ndi Peterhouse, zimene sizinaleke kuphunzitsa masewerawa ngakhale m'zaka za mavuto a chuma. Ana obwera kuchokera kunja anapeza nyumba yomangidwa kale, iwo anangothandiza kufolera.

Mbali ya Malawi

Rugby ili ndi chinthu chimodzi chachilendo: m'masewera a anthu 15 bungwe silifunsa chiphaso cha unzika. Ndi chifukwa chake Mtawarira anasewerera South Africa zaka ziwiri akadali nzika ya Zimbabwe, kufikira andale a kumeneko anadandaula, iye naimitsidwa kanthawi, ndipo mu June 2010 anapatsidwa unzika. Mpira wamiyendo suli chomwecho. FIFA imafuna kuti wosewera akhale nzika ya dziko limene akulisewerera. Nayonso yakhala ikumasula malamulo ake, mu 2004, mu 2009 ndi mu 2020, kotero kuti tsopano munthu amene sanapitirire masewera atatu a timu yaikulu asanakwanitse zaka 21 angathe kusintha patapita zaka 3. Koma popanda pasipoti palibe chimene chingachitike.

Apa ndi pamene dziko lino linadzitsekera lokha khomo kwa zaka zambiri. Lamulo la unzika la 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Mwana wobadwa ndi unzika uwiri ankayenera kusankha akafika zaka 21. Lamuloli linali ndi zifukwa zake pa nthawi imene dziko linali litangolandira ufulu ndipo linkafuna kudziwa ake enieni. Koma mtengo wake unaoneka pa bwalo la mpira. Tamika Mkandawire anabadwira ku Mzuzu mu 1983, anakulira ku England, ndipo anasewera kumbuyo m'matimu a Hereford United, Leyton Orient ndi Millwall. Sanavalepo malaya a Flames, pakuti kutero kukadafuna kuti ataye unzika wa Britain umene unali moyo wake wa ntchito. Pamene Nyumba ya Malamulo ku City Centre inavomereza unzika wa maiko awiri mu December 2018, iye anali ndi zaka 35.

Winanso ndi Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo ochokera kuno. Anatsogolera timu ya Zimbabwe, anasewera ku Portsmouth, ndipo mu February 2008 anamwetsa chigoli pa Old Trafford tsiku lake loyamba m'malaya a Manchester City. Iye anasankha dziko limene linamlera, ndipo nkoyenera. Koma dzina lake likumbutsa kuti ku Mbare, ku Bulawayo, ku Copperbelt ndi m'makomboni a Johannesburg kuli adzukulu a amuna amene anapita ndi Wenela ndi Mthandizi, ndipo ena mwa iwo lero akuthamanga m'mabwalo a sukulu ndi a matimu aakulu, ena a mpira wamiyendo, ena a rugby yomwe.

Amalawi anaona ndi maso phindu la ana obadwira kunja pa 25 January 2022 ku Yaoundé. Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chakutali chimene sichidzaiwalika, Morocco inabweza, ndipo chigoli chimene chinatulutsa Flames mu mpikisano wa Africa chinachokera ku phazi la Achraf Hakimi, wobadwira ku Madrid. Kumapeto kwa chaka chomwecho Morocco inafika m'ndime ya matimu anayi pa chikho cha dziko lonse ku Qatar, ndipo mwa osewera ake 26, okwana 14 anabadwira kunja. Morocco sidikira kuti Spain kapena France iyambe yawasiya anawo. Imawafunafuna akadali ndi zaka 15 kapena 16, imacheza ndi makolo awo, ndipo imakonza mapepala nthawi ikadalipo. Kusiyana kwake ndi Tonga kwagona pomwepo.

Boma linachita mbali yake yaikulu posintha lamulo la unzika, ndipo m'chaka cha 2021 ndondomeko zoyendetsera lamulolo zinasindikizidwa, kotero kuti munthu wa magazi a dziko lino angathe kupempha unzika osataya umene ali nawo. Chatsala ndi ntchito ya pa desiki, ndipo ndi yovuta kuposa mmene ionekera. Malamulo onse awiri, la World Rugby ndi la FIFA, amaima pa mawu akuti kholo kapena gogo anabadwira m'dzikomo. Nanga umboni wake uli kuti? Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza m'dziko muno posachedwapa, lamulo la 2010 litayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zinafika kwa anthu onse mu 2017. Mwamuna wobadwira ku Dedza kapena ku Ntcheu mu 1940, amene anapita ku migodi ali ndi zaka 20 nakafera komweko, analibe kalata ya kubadwa. Kawirikawiri ngakhale dzina lake linalembedwa mokhota ndi kalaliki wa pa mgodi, kotero kuti mdzukulu wake lero ali ndi dzina limene a kumudzi sangalizindikire. Mdzukulu wa munthu wa ku Scotland amalemba kalata imodzi ku Edinburgh nalandira pepala. Mdzukulu wa mtchona alibe kolembera.

Umboni ulipo, koma ndi wobalalika: m'mabuku a ubatizo a mamishoni akale monga Nkhoma, Likuni ndi Mua, m'makaundula a sukulu, m'mabuku a msonkho, ndi m'mitu ya mafumu ndi ankhoswe amene akutha chaka ndi chaka. Funso limene akuluakulu a ku Capital Hill, a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndi a National Registration Bureau ayenera kuyankha mogwirizana ndi lakuti ndi umboni uti mwa umenewu udzalandiridwa, ndipo adzautsimikiza ndani. Akauumitsa kwambiri, lamulo la 2018 lidzathandiza ana a anthu ophunzira a ku London okha, ndi kusiya adzukulu a m'migodi amene ndiwo ochuluka. Akaufewetsa kwambiri, kalata ya mfumu idzasanduka malonda, ndipo dziko lino lidzagwa m'manyazi a Wales aja. Mu mpira wamiyendo chilango cha kuseweretsa munthu wosayenera ndi kulandidwa masewera, ndipo maiko angapo a mu Africa analawa kale chilango chimenechi.

Palinso dandaulo limene aphunzitsi a masewera m'sukulu sayenera kuchita nalo manyazi kulinena. Mnyamata amene wakula akumenya mpira wachikulunga ku Area 25, nakwera pang'onopang'ono kufikira pa Civo Stadium kapena Silver Stadium, angathe kuona malo ake m'timu ya dziko akupatsidwa kwa mnzake wotsika ndege, amene sadziwa ndi kulonjera komwe m'chilankhulo chilichonse cha kuno. Kuwawa kwake ndi koona. Koma malaya a dziko si mphotho ya kupirira. Amavala ndi amene aposa pa malopo, malinga ali mwana wa m'mudzi. Chimene mnyamata wa ku Area 25 ayenera kulandira ndi mpata wolingana: mphunzitsi wodziwa ntchito, bwalo, mpira weniweni, ndi mpikisano wa sukulu umene sulephereka chifukwa cha kusowa mafuta a galimoto. Bwalo la Bingu ku Area 48, limene linatsegulidwa mu 2017, ndi lokongola, koma wosewera sapangidwira pamenepo.

Akazi a dziko lino asonyeza kale kuti kupita kunja sikutanthauza kutaya kwanu. Mwai Kumwenda anasankhidwa wosewera woposa onse pa chikho cha ntchemberembaye cha 2015 ku Sydney atavala malaya a Queens, ndipo anasewera zaka zambiri ku Australia osasintha dziko. Temwa Chawinga anatsogolera Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current. Onsewa anaphunzira masewera awo kuno, ndipo anavala malaya a dziko lino maiko ena asanawadziwe. Lamulo lililonse, lakale kapena latsopano, silikadawachotsa.

Ku Mpira Village ku Chiwembe, kumene kuli likulu la bungwe la mpira wamiyendo, ndi m'maofesi a akazembe a dziko lino ku Pretoria, Harare, Lusaka ndi London, kaundula wa ana a Amalawi a zaka 14 kufikira 18 amene ali m'sukulu za masewera za maiko amenewo sangadye ndalama zambiri. Afuna kalaliki mmodzi wakhama pa ofesi iliyonse, ndi mgwirizano ndi mabungwe a Amalawi okhala kumeneko, amene amadziwana kale chifukwa cha maliro ndi mapemphero. Mabuku a ubatizo a ku mamishoni nawo afuna kujambulidwa ndi kusungidwa chiswe chisanawamalize, ndipo ntchito imeneyo ingagwiridwe ndi nthambi ya National Archives ku Zomba mothandizana ndi mipingo.